Njira Yaikulu Inadutsa, Kanjira Kofika Kumudzi Kakuchedwabe: Mbiri ya Waya ndi Mafunde ku Kaumbwe

Munthu amene wapatsidwa ntchito yolumikiza makina awiri kuti azitumizirana uthenga amayamba ndi funso limodzi: uthengawo udzera pati? Udzera pa waya wa kopa, pa chingwe cha faiba chimene m'kati mwake muli kaulusi ka galasi, kapena mumlengalenga pa mafunde a wailesi? Akayankha limenelo m'pamene amafika pa zina, monga liwiro limene mbali ziwirizo zigwirizanepo, ndiponso ngati zingathe kulankhula nthawi imodzi kapena zizidikirana. Ambiri amati amenewa ndi mafunso a amisiri okha, oti mlimi wa mtedza wa kwa Mumbi kapena kwa Mwanjawanthu sakumukhudza. Mbiri ya Kaumbwe, dera limene lili kum'mwera kwa tauni ya Petauke kulowera kumalire a Mozambique, pamodzi ndi mbiri ya Nyimba, ikutsutsa zimenezo. Kwa zaka zoposa 120 funso loti uthenga udzera pati lakhala likuyankhidwa ndi anthu okhala kutali, amene ankafuna kulumikiza mizinda yawo, ndipo dziko la Ansenga linkangopezeka pakati kapena pambali. Njira iliyonse imene anasankha inabwera ndi polekezera pake, ndipo polekezerapo ndi pamene pankagamula woti amve ndi woti asamve. Njira zazikulu zinafika, ina pambuyo pa inzake. Chimene chakhala chikuchedwa nthawi zonse ndi kachigawo kotsiriza, kochoka pa njira yaikuluyo kukafika pasukulu, pachipatala ndi pamsika.

Waya woyamba kufika m'chigawo cha Kum'mawa sanachokere ku Lusaka, pakuti nthawi imeneyo n'kuti tauniyo kulibe. Anachokera kunyanja. Mu 1892 Cecil Rhodes anakhazikitsa kampani ya African Transcontinental Telegraph ndi cholinga choyala waya wa telegalafu kuchokera kum'mwera kwa Africa mpaka ku Cairo. Wayayo anadzera ku Tete, n'kukwera ku Blantyre ndi ku Zomba, kenako n'kutsata gombe la nyanja ya Malawi kudutsa Nkhotakota ndi Karonga mpaka ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, ndipo anakathera ku Ujiji m'mphepete mwa nyanja ya Tanganyika. Ku Cairo sanafikeko. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia, ndipo posakhalitsa nthambi ya wayayo inakokedwa kuchokera ku Domira Bay kukafika kulikulu latsopanolo. Tione bwino kumene nthambi imeneyi inalozera. Inalumikiza mkulu wa boma wa ku Fort Jameson ndi Blantyre, Salisbury ndi London, ndipo inafulatira anthu amene iye ankawalamulira kumadzulo kwake. Lamulo la msonkho linkatha kuchoka kutsidya la nyanja zamchere n'kufika pa tebulo lake mwamsanga, pamene dandaulo la mfumu ya Ansenga linkayenda ndi miyendo.

Kapangidwe ka telegalafu ya masiku amenewo kakuphunzitsa zambiri. Mizati yake inali yachitsulo, chifukwa yamitengo chiswe chikanaimaliza, ndipo inafika kumalo ake pamitu ya amtengatenga. Pamizatipo pankadutsa waya mmodzi yekha. Magetsi ankapita pa wayayo n'kubwerera kudzera m'nthaka, choncho pa ofesi iliyonse ankakwirira chitsulo pansi, ndipo nthaka ikauma kwambiri m'chilimwe uthenga unkafooka mpaka wina atathira madzi pamene panakwiriridwa chitsulocho. Mmodzi akamatumiza, enawo ankadikira. Waya wotero akhoza kudutsa pamwamba penipeni pa mudzi popanda wa m'mudzimo kupindula naye, chifukwa phindu lake limatuluka pokhapo pamene pali ofesi, makina, mabatire ndi kalaliki wodziwa kugogoda zizindikiro za Morse. Chotero kwa anthu wamba njira yeniyeni ya uthenga inakhalabe munthu. Makalata a pakati pa maboma ankanyamulidwa ndi amtokoma oyenda pansi, ovala yunifomu yofiira. Amuna a Chinsenga amene msonkho unawathamangitsira kumigodi ndi kumafamu a Southern Rhodesia, ambiri mwa iwo powolokera Zambezi pa Feira, ankapatsira kalata ndi ndalama mnzawo wobwerera kumudzi, ndipo kalatayo inkawerengedwa ndi mphunzitsi wophunzira ku mishoni ya Nyanje, Hofmeyr kapena Minga. Uthenga wa maliro unkapeza mwini wake manda atamera kale udzu.

Chimene chinatembenuzira chigawochi ku Lusaka ndi msewu. Maboma awiri a Rhodesia wa kumpoto ataphatikizidwa mu 1911, Fort Jameson inasiya kukhala likulu, ndipo mu 1935 likulu linasamukira ku Lusaka kuchoka ku Livingstone. Mlatho woyamba wa pa Luangwa unamangidwa mu 1932 ndi ndalama za Beit Trust, wachiwiri n'kutsegulidwa mu 1968. Kuyambira pamenepo Great East Road inakhala msana wa chigawo chonse, ndipo positi, mabasi ndi lamya zinautsatira. Nyimba ndi Petauke zinapeza mwayi wokhala m'mbali mwa msanawo, koma midzi ya kum'mwera kwake inatsala kumapeto a misewu yafumbi imene mvula ikagwa imadula anthu. M'zaka zomwezo munabwera chinthu chimodzi chimene sichinafune msewu. Mu 1949 anayamba kugulitsa kawailesi kotchipa kotchedwa Saucepan Special, ndipo nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka inkalankhula m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina za kuno. Aka kanali koyamba kuti mawu a kutali afike pakhonde la munthu wa kumudzi tsiku lomwelo. Komatu njirayo inali yopita kumodzi. Lusaka ankalankhula, Kaumbwe n'kumamvetsera, ndipo wofuna kuyankha ankabwerera ku kalata.

Ufulu utabwera mu 1964, boma la Kenneth Kaunda linaika ndalama zambiri pa lamya. Siteshoni ya setilaiti ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, inatsegulidwa mu 1974, ndipo mu 1975 kunabadwa bungwe la Posts and Telecommunications Corporation. Mizinda ya m'zigawo, kuphatikizapo Chipata, inalumikizidwa ndi likulu pa mafunde a microwave. Apanso chibadwa cha njirayo ndicho chinagamula mlandu. Mafunde a microwave amayenda mowongoka ndipo sakhota phiri, choncho mbale ziwiri zolandirana ziyenera kuonana maso ndi maso. N'chifukwa chake nsanja zake zimamangidwa pamwamba pa mapiri, motalikirana makilomita 40 kapena 50, iliyonse n'kumapatsira inzake. Mawu a anthu mazanamazana ankadutsa mumlengalenga mwa midzi imene munalibe lamya ndi imodzi yomwe. Kuti mawuwo atsike pansi pankafunika siteshoni ya lamya, ndipo kuchokera pamenepo nyumba iliyonse inkafuna mawaya akeake awiri a kopa, amene akapitirira makilomita ochepa mawu amayamba kuzilala. Choncho lamya inazungulira boma: ofesi ya DC, polisi, positi, chipatala ndi masitolo angapo. Zipatala za kumidzi ndi mamishoni zinkadalira wailesi yotumizira mauthenga ngati zinali nayo, ndipo pamene panalibe, wopalasa njinga ndiye ankakaitana ambulansi.

Intaneti nayo inalowera pakhomo lomwelo. Zambia ili ndi mbiri yonyaditsa pa nkhaniyi, chifukwa kumapeto kwa 1994 kampani ya ZAMNET, yobadwira pa University of Zambia, inalumikiza dzikoli ku intaneti pamene mayiko ambiri a mu Africa anali asanayambe. Dziko lonse linkadalira mzere umodzi wa lamya wopita ku Cape Town, wa liwiro la mabiti 14,400 pa sekondi, limene lero silingakwanitse kutsegula chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp munthu asanatope kudikira. Wofuna kulowa ankafunika kompyuta, modemu ndi lamya ya m'nyumba, n'kuika pa makinawo liwiro ndi zizindikiro zofanana ndi za mbali inayo, apo ayi mamodemu awiriwo ankangolira osamvana. Kwa munthu wa ku Petauke, kutsegula kalata ya pa kompyuta kunkatanthauza kuimba lamya ya kutali n'kumalipira mphindi iliyonse. Kwa munthu wa kwa Mwanjawanthu nkhaniyo kunalibe n'komwe. M'chaka chomwecho cha 1994 bungwe la lamya ndi positi linagawidwa pawiri, Zamtel ndi Zampost, ndipo khomo linatsegukira makampani ena.

Pamenepa wina atsutsa kuti zonsezi n'zakale, chifukwa foni ya m'manja inalumpha waya. Mfundoyi ili ndi choona chachikulu ndipo sindikuichepetsa. Zamtel inayamba mafoni a m'manja pakati pa zaka za m'ma 1990, kenako kunabwera Telecel imene inadzakhala MTN mu 2005, ndi Zamcell imene inasintha maina kukhala Celtel, Zain, mpaka Airtel mu 2010. M'zaka zochepa foni inafika m'midzi imene lamya ya waya inalephera kufikamo m'zaka makumi ambiri. Mayi wa ku Kaumbwe analankhula ndi mwana wake wa ku Kitwe ali pamtondo, ndipo ndalama zinayamba kufika pafoni. Koma mawu akuti foni ilibe waya amanena za kachigawo kamodzi kokha, kochoka m'dzanja kukafika pansanja. Kuseri kwa nsanja iliyonse kuli njira ina yoilumikiza ndi likulu la kampani, kaya ndi mbale ya microwave, chingwe cha faiba kapena setilaiti, ndipo kukula kwa njira ya kuseriyo ndiko kumagamula ngati mudziwo upeza mawu okha kapena intaneti yogwirika. Palinso kusankha kwa mafunde. Otsika, monga a 900 MHz, amafika patali ndi kulowa m'nyumba koma amanyamula zochepa, pamene okwera, monga a 2,100 kapena 2,600 MHz, amanyamula zambiri koma amathera pafupi. Kampani ikamanga nsanja imodzi pakati pa midzi yotalikirana imasankha kufika patali. Ndicho chifukwa chake foni imaonetsa kuti netiweki ilipo koma fomu ya boma osatseguka, anthu amadziwa chulu chimene munthu akakwerapo uthenga umalowa, ndipo m'midzi ya m'malire si zachilendo foni kugwira netiweki ya ku Mozambique m'malo mwa ya kwawo.

Boma linaona kuti makampani paokha safika kumene kulibe phindu. Lamulo la 2009 limene linakhazikitsa ZICTA, bungwe loyang'anira za mauthenga, linakhazikitsanso thumba la ndalama zofikitsira mauthenga kumadera osiyidwa. Gawo loyamba la ntchitoyo linamanga nsanja 204, zambiri m'madera a mafumu, ndipo sipanachedwe kumveka madandaulo akuti zina mwa izo netiweki yake inkathera pafupi kwambiri. Mu 2017 kunayamba gawo lachiwiri la nsanja 1,009, lomangidwa ndi Huawei pa ngongole ya madola 280 miliyoni yochokera ku China. Ntchito ya nsanjazi inali yoyamba m'mbiri yonseyi yoyambira kumudzi m'malo moyambira kumzinda, ndipo iyenera kuyamikiridwa. Koma chaka cha 2024 chinaulula chimene nsanja zonse zaimapo. Chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku, mabatire a pansanja ankatha asanadzaze, majenereta ankafuna dizilo wosalekeza, ndipo netiweki inafooka m'dziko lonse. Telegalafu ya amtengatenga inkafooka nthaka ikauma, netiweki ya lero inafooka damu litauma. Uthenga ngakhale uyende mumlengalenga, miyendo yake ili pansi.

Nkhani ya faiba ndi imene ikubwereza mbiri ya waya woyamba uja momveka kwambiri. Zambia ilibe gombe la nyanja yamchere, choncho zingwe za pansi pa nyanja, monga SEACOM ya 2009 ndi EASSy ya 2010, imazifikira kudzera m'mayiko oyandikana nawo. M'kati mwa dziko, kampani ya magetsi ya ZESCO inapeza nzeru yabwino yoika faiba m'kati mwa waya wa pamwamba penipeni pa nsanja zake za magetsi, uja woteteza ku mphezi. Kutero n'kotchipa kusiyana ndi kukumba ngalande, ndipo akuba sakwerako. Koma zikutanthauza kuti faiba yotero imapita kokha kumene nsanja zazikulu za magetsi zikupita, ndipo mzere waukulu wa 330 kV wodyetsa chigawo cha Kum'mawa umachokera ku Pensulo, pafupi ndi Serenje, n'kuwoloka chigwa cha Luangwa kudzera ku Msoro mpaka ku Chipata. Ngakhale pamene chingwe chadutsa pafupi, kaya pansanja kaya m'mbali mwa msewu, munthu sangangochiboola n'kutengako. Kaulusi kake n'kowonda ngati tsitsi, ndipo kupanga nthambi kumafuna makina owotcherera galasi, bokosi lotsekeka bwino, chipangizo chosandutsa kuwala kukhala magetsi, ndi magetsi osazima odyetsa chipangizocho. Chili ngati mtsinje wodutsa m'mphepete mwa dimba limene palibe analikumbira ngalande.

Tifike tsopano pasukulu penipeni, chifukwa m'pamene mbiri yonseyi imathera. Mu 2015, pamene ana a giredi 9 analemba koyamba mayeso a kompyuta, m'masukulu ambiri a m'dziko muno ana anadikirana mpaka usiku chifukwa makina anali ochepa ndipo magetsi ankavuta. Kuyambira pamenepo makompyuta akhala akuperekedwa, koma kuwalumikiza ndi ntchito ina. Chingwe wamba cha Ethernet chili ndi timawaya 8 topotana tiwiritiwiri, ndipo tiyenera kulowa m'kamutu kake ka pulasitiki motsata mitundu yake. Kamodzi kakaphonya malo, kulumikizanako kumatsika liwiro kapena kufa kumene. Chingwecho sichiyenera kupitirira mamita 100, pamene masukulu athu nyumba zake n'zotalikirana, ofesi ya ahedi uko, chipinda cha makompyuta uko. Wochikoka panja kuchoka nyumba ina kupita ina waitana mphezi ya mu Disembala kuti idzawotche makina a mbali zonse ziwiri, ndipo pamalo otere pamafunika faiba, imene sinyamula magetsi, kapena tiwailesi tiwiri toyang'anana. Pali vuto linanso losaoneka ndi maso. Mbali imodzi ikaikidwa kuti izitumiza ndi kulandira nthawi imodzi, inayo n'kumayembekezera kudikirana, nyale zonse zimayaka zobiriwira koma uthenga umagundana ndi kutayika, ndipo aphunzitsi amangoti netiweki yavuta. Munthu wodziwa amakonza zimenezi pa mphindi zochepa. Akakhala kuti munthuyo ali ku Chipata kapena ku Lusaka, chipindacho chimatsekedwa teremu yonse. Ku Macha, m'chigawo cha Kum'mwera, anthu a LinkNet anaonetsa m'zaka za m'ma 2000 kuti mudzi ungakhale ndi intaneti yodalirika, ndipo chinsinsi chawo sichinali mbale ya setilaiti yokha: anaphunzitsa achinyamata a komweko kukoka zingwe, kuloza tiwailesi ndi kukonza zikawonongeka.

Otsutsa ena amanena za ndalama. Amati midzi ya ku Kaumbwe n'njomwazikana, anthu ake amapeza ndalama kamodzi pachaka akagulitsa chimanga, mtedza ndi thonje, ndipo palibe kampani imene ingabweze zimene yawononga pokumba makilomita ambiri a ngalande. Zimenezo n'zoona, ndipo sindikunena kuti nyumba iliyonse ikokeredwe faiba. Koma mlatho wa pa Luangwa sunamangidwe chifukwa choti ubweza ndalama chaka chotsatira, ndipo thumba la ZICTA linakhazikitsidwa chifukwa cha madera omwewa amene msika umawalambalala. Enanso amati anthu akufuna kaye mijigo, feteleza ndi mankhwala, intaneti ibwere pambuyo. Mfundo imeneyi ikanamveka zaka 20 zapitazo. Lero boma lomwelo laika zinthu zimenezo kuseri kwa netiweki. Pamene feteleza wa ndondomeko ya boma yothandiza alimi ya FISP anayamba kuperekedwa pa makadi a e-voucher, kuyambira ndi maboma 13 mu nyengo ya 2015/2016 kenako dziko lonse, limodzi mwa mavuto amene alimi ndi ogulitsa anakumana nawo linali makina okana kugwira chifukwa cha netiweki, ndipo m'maboma ambiri boma linabwerera ku njira yakale yogawa matumba. Mbiri ya odwala m'zipatala, kulembetsa mayeso ndi ndalama zothandizira osauka zikulowera komweko. Boma silingauze mlimi kuti feteleza wake ali m'kompyuta kenako n'kumuuza kuti kulumikiza kompyutayo si nkhani yofulumira.

Mtsutso waposachedwa ndi wa Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Zambia mu Okutobala 2023. Kusiyana kwake ndi masetilaiti akale n'kwenikweni. Akalewo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo uthenga umatenga nthawi yoposa theka la sekondi kupita ndi kubwera, pamene a Starlink amazungulira pa makilomita mazana ochepa chabe. Kwa chipatala cha kumalire, imeneyi ndi njira imene sifunsa kuti msewu kapena nsanja za magetsi zili kuti, ndipo pamalo ambiri ndiyo yoyenera kusankhidwa lero. Koma mbaleyo imafuna magetsi usana ndi usiku, imafuna malipiro mwezi ndi mwezi ngakhale mu Febuluwale pamene nkhokwe zatha, ndipo imathera pa chingwe chimodzi cholowa m'chipinda chimodzi. Kuchokera pamenepo mafunso akale aja amabwerera onse: kufikitsa uthenga kunyumba yachiwiri, kuteteza makina ku mphezi, ndi kupeza woti akonze. Tisaiwalenso kuti mtengo wake ndi malamulo ake zimaikidwa ndi kampani ya ku America, monga mmene za telegalafu zinkaikidwira ku Cape Town ndi ku London. Dera lodalira njira imodzi yokha, kaya ikhale yamakono bwanji, limakhala chete tsiku limene njirayo yaduka.

Chimene chasintha m'zaka zaposachedwa n'chakuti mbali ina ya chisankho yafika pafupi ndi kwathu. Mu 2022 ndalama za chitukuko cha madera a aphungu (CDF) zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo ntchito zake zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawadi, kuphatikizapo ndalama zolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Ndalama zimenezi sizingamange nsanja za mafoni m'dera lonse, koma zingakwanitse kachigawo kotsiriza kaja. Inu a m'makomiti a ku Kaumbwe, a ku Nyimba ndi madera oyandikana nawo, pamene mukuvomereza chipinda cha makompyuta kapena chipatala chatsopano, funsani womanga kuti uthenga udzafika pa njira iti, magetsi ake adzachokera kuti dzuwa likalowa, ndani adzalipira mwezi ndi mwezi, ndipo njirayo ikaduka ina yodalira ndi iti. Musalandire makiyi a nyumbayo mayankho ake asanalembedwe, ndipo pa mndandanda wa achinyamata opita ku maphunziro chaka chino, wadi iliyonse iikepo mnyamata kapena mtsikana mmodzi wokaphunzira kukoka zingwe, kulumikiza faiba ndi kusamalira sola.